Adawataya Ngati Tsache Lotha

"Amenewo asayerekeze kutchula dzina la bambo anga pa guwa," adatero namwino wina, uku akukanikiza simbi pa diresi lakuda ngati kuti diresilo ndi limene lidamulakwira.

Mlongo wake, woimba kiyibodi kutchalitchi, adaima pakhomo, nsapato zili m'manja. "Achemwali, ndi mapemphero achikumbutso. Abusa asalankhule bwanji?"

"Abusa ake ati? A Jinziwo?"

Bambo awo adaikidwa m'manda Lachitatu. Adayamba kulalikira mumpingomo namwinoyo akadali kumsana, mpaka tsiku lina akuluakulu adawauza mwaulemu kuti akapume. Achinyamata ankathawa, ati ulaliki ukutalika, nyimbo zake zogonetsa tulo. Akuluakuluwo adabweretsa m'busa wachinyamata wovala jinzi, masipika aakulu ngati mafiriji, ndi kamera yoti anthu aziona mapemphero pa foni. Mkuluyo adangoti, "Mwini munda akadali moyo," nkukakhala ku mpando wakumbuyo. Namwinoyo sadapondemonso m'tchalitchimo.

"Nawenso ulimo," adatero, ataloza mlongo wakeyo ndi simbi. "Unkadina kiyibodi yakoyo, iwo ali kumbuyo ngati alendo."

"Koma sadadandaulepo."

"Mtima umatupa mwakachetechete. Ndimaziona kuchipatala ine."

Amayi awo adakweza mutu pa mpando. "Mwanawe, diresi lipsa."

Lamulungu tchalitchi chidadzaza. Nyimbo zitatha, adaitana namwinoyo, monga mwana wachisamba, kuti athokoze m'malo mwa banja. Adagwira maikolofoni ndi manja awiri.

"Kamerayo ikujambula? Zikomo. Ndikufuna amve onse, ngakhale amene akupemphera ali pabedi."

Ena adaseka, kuyesa nthabwala.

"Bambo anga adakubatizani. Adakudalitsirani maukwati, adakuikirani makolo anu. Atakalamba mudawataya kuseri kwa chitseko ngati tsache lotha. Lachitatu ndimakuonani mukulira mokweza kuposa ife. Misozi imeneyo sungani, idzakuthandizani tsiku limene ana anu adzakuuzeni kuti inunso mukapume." Adatembenukira kwa m'busayo. "Guwa ndi ilo, bambo. Palibenso wokutsekerezani."

Mlongo wake adaweramira pa kiyibodi. Namwinoyo adabwerera pamalo pake mtima uli myaa, ngati wamwa madzi ozizira padzuwa. Adapinda manja nkudikira kuti aone munthu akuvutika.

Ndipo adavutikadi. M'busayo adatsegula Baibulo. "Abale, chiyembekezo chathu..." Mawu adamukanira pakhosi. Adatsokomola, nkuyambanso, nkutsokomolanso. Dzanja lake lidapita lokha pa kashelefu ka pansi pa guwa, nkufufuza uku ndi uku. Lidabwerako lopanda kanthu. Adangoima pomwepo akuyang'ana kashelefuko.

Ayaluke, adatero namwinoyo mumtima. Ayaluke dziko lonse likuona.

Apo amayi adadzuka. Adayenda pang'onopang'ono, akukoka mwendo wawo wa nyamakazi, mpaka kuchipinda chosungira mipando. Anthu adamva mpopi ukutuluka madzi. Adabwerako ndi kapu yagalasi, nkuipukuta kunsi ndi mpango kuti isadonthere pa Baibulo, nkuiika m'dzanja la m'busayo. Kenaka adabwerera, nkukhala pafupi ndi mwana wawo.

"Amayi, ndiye chiyani chimenechi?" adanong'oneza namwinoyo, mano ali gwa.

"Inali ntchito ya bambo ako," adayankha, akupinda mpango uja pamwendo. "Ankalawirira Lamulungu lililonse kudzamuikira madzi pa kashelefuko, anthu asanafike. Ankati mwanayu Mulungu adamupatsa moto, koma amafuula kwambiri, kukhosi kumamuuma."

Kutsogolo, m'busayo adagwira kapuyo ndi manja onse awiri, nkumwa pang'onopang'ono.