Shoki Anagona Kwathu ku Edmonton

Mwana wanga Shamiso analowa nalo m'nyumba Lachinayi madzulo, bokosi lalitali ngati mkono wa munthu, lamatabwa opepuka, atalikulunga m'jekete yake. Ine ndinali pampando wanga wa pawindo ndi mdzukulu wanga Alinane pamiyendo, chifuwa chake chikulira ngati ketulo yoyamba kuwira. Kuchipatala anali atatibweza ndi kampope kopumira, amvekere zidzatha zokha. Madokotala a kuno kwa Angelezi amayang'ana kompyuta kuposa mwana.

Ndinamufunsa kuti watenga cha yani. Anakhala pansi nkuyamba kufotokoza asanavule nsapato.

Shamiso amasamalira okalamba m'nyumba zawo. Mmodzi mwa iwo ndi Mayi Sachiko a ku Southgate, gogo wa ku Japan amene mwamuna wake, Mngelezi, anamwalira kalekale. Mutu wawo unayamba kutaya zinthu, moti dzina la mwana wawo amalikumbuka lero nkuliiwala mawa. Tsiku limenelo gogoyo anapeza Shamiso akulira kukhitchini, ndipo atamva za mwana wodwala anamukokera kuchipinda chochezera nkumuuza kuti atsitse chithunzi chopachikidwa pakhoma. Anachikulunga okha, nkuchiika m'bokosi, nkumupatsa ndi manja awiri atawerama. Anati kwawo chimenechi amachipachika pamene mwana wodwala amagona, ndipo adzachibweze mwanayo akachira.

Ndinamuuza kuti akanakana.

"Ababa, munthu wamkulu akukupatsani ndi manja awiri, mungakane bwanji? Si inu munandiphunzitsa?"

Ndinamuphunzitsa ine, nzoona, koma ndinamuphunzitsira kufamu ku Banket, osati kuno. Kuno ejensi imene inamulemba ntchito imaletsa kulandira ngakhale bisiketi. Viza yake inamangiriridwa ku ejensiyo ngati mbuzi pachikhomo. Mwana wa gogoyo, Martin, amabwera Lamlungu lililonse, ndipo akapeza khoma lili lokha, mayi ake sakanakumbuka kuti anapereka kanthu. Akanati wantchito wakuda waba. Ntchito ikanatha, viza ikanatha, Shamiso ndi Alinane akanakwezedwa ndege kubwerera kumene tilibe ngakhale khonde. Ine ndili ndi mapepala anga, ndinawavutikira zaka zambiri ndikukolopa m'maofesi a anthu, koma ndikanatsala ndi mpando ndi windo basi.

Shifiti yake yotsatira ku Southgate inali Loweruka masana. Tinagwirizana kuti chibwerere tsiku limenelo, Martin asanafike. Ndiye iye anati poti chafika kale, bola chigwireko ntchito yake. Anachotsa kalendala ya kutchalitchi pamsomali wa pamwamba pa bedi la mwana nkuchipachika.

Chinali pepala lakale lomatidwa pansalu yofuwirira, kumunsi kuli kandodo kolikoka kuti liwongoke. Linkanunkha ngati m'sutikesi yakale. Anajambulapo munthu wandevu zoyangalala, yense wofiira, maso otong'oka, lupanga kudzanja lamanja. Kudzanja lamanzere anapana pakhosi kachiwanda kakang'ono ka nyanga, kakupalasa miyendo m'mwamba. Shamiso anati gogoyo amamutchula Shoki, ndipo kufiirako akuti matenda amakuopa.

Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Makolo athu pochoka ku Dedza kupita kunja kumafamu a ku Banket anatenga gule wawo, ndipo ine ndinalowa ndili mnyamata. Za kumeneko sindinena. Koma nkhope yopangidwa kuti iopseze ndimaidziwa, ndipo ndimadziwa kuti si yonse imaopseza ana a pakhomo. Ina imayang'ana kunja. Alinane anagona bwinoko masiku awiriwo. Sindikuti ndi chithunzicho, kampope kaja kanaliponso.

Loweruka m'mawa tikumwa tiyi, chitseko chinagogodedwa. Anali Abusa Fidelis a tchalitchi cha Shamiso, chija cha ku Tottenham pamwamba pa shopu ya matayala, ali ndi Amayi Dyna ndi Amayi Maureen. Shamiso anali atapempha mapemphero pagulu lawo la pafoni nkuiwala. Nkhope yake inachita ngati phulusa, ndipo ndinadziwa chifukwa chake. Amayi Maureen ndi amene amagawa mashifiti ku ejensi. Ndi iwo anamupezera ntchitoyo, ndipo sapita mlungu osamukumbutsa. Chimene amva m'mawa chimafika ku ofesi asanadye nkhomaliro.

Sanadikire kuuzidwa. Anafunsa kumene mwana wagona nkulowa molunjika, Abusa patsogolo atayamba kale nyimbo. Nyimboyo inafera pakhomo.

Kenako Amayi Dyna anayamba kutchula magazi a Yesu chapansipansi. Abusa analoza ndi Baibulo nkufunsa kuti ichi nchiyani, chachokera kuti, ndipo ndani wachipachika pamutu pa mwana wa Mulungu. Amayi Maureen sanayang'ane chithunzi kwambiri. Anayang'ana bokosi lomwe linali pawindo, kenako Shamiso. Anafunsa mofatsa ngati si zinthu za ku Asia izi, ndi mawu a munthu amene wayamba kuwerenga m'mutu nyumba zonse zimene amatumizako anthu.

Ndinaona milomo ya mwana wanga ikutseguka. Shamiso satha kunama kwa abusa. Akanaulula zonse, nkupepesa, nkugwada.

"Nchanga," ndinatero.

Onse anatembenuka. Ndinati ndinabwera nacho kuchokera kufamu, chakhala pansi pa bedi langa zaka zonsezi, ndipo ndachipachika ndekha mayi wa mwana ali kuntchito. Amayi Maureen anafunsa kuti nanga zilembo zachilendo zili m'mbalizo.

"Nza kudambwe. Mukufuna ndikuwerengereni, mayi?"

Sanafune. Ku tchalitchi chimenecho anali atandinong'oneza kuyambira kale kuti ndine wa gule, chifukwa ndimakhala kumbuyo ndipo sindigwa pansi akandigwira pamphumi. Bodza langa linalowa m'malo amene anali atalikonzera okha.

Koma sindinaganize za chimene chikanatsatira. Abusa anati tsopano zadziwika chimene chikumudya mwanayu. Anati zotere samakambirana nazo, amaziwotcha, ndipo pansi pa fulati yathu pali mabini achitsulo. Anafunsa ngati wina ali ndi machesi. Ndinawauza kuti asagwire. Anaseka pang'ono, amvekere madala, nthawi yanu inatha, nkutambasula dzanja nkuchikoka pamsomali. Chingwe chinakana, iwo anakoka ndi mphamvu. Pepala linalira ngati tsamba la fodya wouma, ndipo ndinaona kumtunda likung'ambika pang'ono, kutalika ngati chikhadabo.

Shamiso anagwira pakamwa. Akanati chisawotchedwe akanafunsidwa chifukwa chake.

Ine mphamvu ndilibe. Mawondo anatha ndi masitepe a maofesi, zala zinatupa. Abusa Fidelis ndi mnyamata wa thupi, akanangondikankha ndi chigongono. Anali atayamba kuchipinda pakati ngati nyuzipepala, ndipo ndinadziwa kuti chikapindika basi, chathyoka, palibenso chobweza ku Southgate.

Ndiye ndinalira. Osati kulira kwa misozi, koma mawu aja opyapyala, okwera, amene amamveka kumapeto kwa komboni chilombo chikamatuluka. Sindinkadziwa kuti akadalimo m'khosi mwanga. Anatuluka athunthu, m'kachipinda ka fulati ya khansolo, mpaka galu wa anansi anayamba kuuwa. Si malo ake, si ntchito yake, ndipo akuluakulu amene anandiphunzitsa akanandilipitsa. Koma akuluakuluwo onse anamwalira kale.

Amayi Maureen kwawo ndi ku Dowa. Mawu amenewo anawathawapo ali kamtsikana, ndipo miyendo yawo inakumbuka msanga kuposa mutu wawo. Ndinawapeza ali kale m'kholido, chikwama chili pachifuwa. Amayi Dyna anakhala pansi pomwepo. Alinane anadzuka nkuyamba kulira.

Ndinayankhula ndi mawu anga a masiku onse. Ndinati amene awotche awotche, koma utsi wake umadziwa njira ya kunyumba kwa wowotchayo, ndipo Abusa ali ndi ana atatu.

Abusa anati saopa chilichonse. Ananena kawiri. Koma anachiika pabedi, nkupukuta manja pathalauza. Kenako anatembenukira kwa Shamiso, chifukwa munthu wotero sachoka asanapeze wina womugonjetsa. Anati nyansi imeneyi ituluke m'nyumba lero lomwe, mwiniwake aitulutse ndi manja ake, ndipo mkulu uyu asagwirenso mwanayo mpaka atalapa pamaso pa mpingo. Anamufunsa ngati wamva.

"Ndamva, Abusa," anatero, maso ali pansi. Kenako anati kwa ine, "Ababa, chichotseni."

Ndinkadziwa kuti akuyenera kutero. Zinandibayabe.

Amayi Dyna anati mwanayo akamusungira kwawo mpaka shifiti ithe, ndipo anamunyamula ndi kampope komwe, osandiyang'ana. Amayi Maureen anati Shamiso asavutike ndi basi ali ndi mtima wotere, akamusiya pageti ndi galimoto yawo. Shamiso sakanakana, ndipo sakanakwera ndi bokosi. Potuluka anandiyang'ana kamodzi kokha.

Nditatsala ndekha ndinachiyala pabedi nkuyamba kukulunga kuchokera ku kandodo, pang'onopang'ono ngati mphasa ya mlendo. Ndinaganiza zomata pong'ambikapo ndi selotepi, koma ndinaona kuti kunyezimira kwake kudzaitana maso. Ndinasiya. Bokosi ndinaliika m'chikwama chogulira zinthu, pamwamba nkuikapo kabichi, nkupita kukakwera basi ya W6 ku Edmonton Green.

M'basi aliyense ankaoneka ngati akudziwa. Munthu wakuda wokalamba atanyamula chinthu cha mtengo wapatali, popanda chonena wapolisi atafunsa. Mtsikana wina anandipatsa mpando, ndipo ndinamukayikira nayenso.

Nditafika mumsewu wa gogoyo, galimoto ya Amayi Maureen inali ikadali pageti, iwo ali mkati akuyankhula pafoni, akuponya dzanja uku ndi uku. Ndinadziwa kuti nkhani yanga ikuyenda kale mu Tottenham yense. Mvula inayamba kuwaza. Ndinabisala kuseri kwa vani ya munthu wina, chikwama ndachilowetsa m'khoti, madzi akutsikira m'khosi. Ndinkangopempha kuti asatsike kukalowa m'nyumbamo. Pamapeto pake galimoto inanyamuka.

Ndinalowera kageti ka kumbali, kumene kumakhala mabini. Shamiso anatsegula chitseko cha kukhitchini nkulanda bokosi. Kuseri kwake ndinaona kagogo kakang'ono katsitsi loyera katakhala pampando. Anandiweramira, ine ndinavula chipewa. Anayang'ana Shamiso akupachika Shoki pamalo ake ngati akuona munthu akupukuta tebulo, kenako anafunsa ngati mlendoyo amwa tiyi. Anali ataiwala zonse. Martin anabwera mawa lake, ndipo Shamiso akuti anayang'ana foni yake kuposa khoma.

Ndinaganiza kuti zatha. Ndinaiwala kuti wogawa mashifiti amayenderanso nyumba nthawi zina, kukaona mmene antchito akugwirira. Patapita milungu ingapo Shamiso anandiimbira foni ali kuntchito. Amayi Maureen anali atalowa m'chipinda chochezera cha Mayi Sachiko, anaima patsogolo pa khoma, anayang'ana mpaka pong'ambika paja, nkutuluka osatsanzika. Tinadikira foni ya ku ofesi. Shamiso sankadya. Ankangopinda zovala za mwana nkuzipindulanso.

Amayi Maureen ndinakumana nawo kumsika wa Edmonton Green, pamene amagulitsa nsomba zouma. Anandiona mochedwa, panalibe pothawira. Anandipatsa moni wa pakamwa pokha, kenako anayandikira nkutsitsa mawu.

"A Weston, chinthu chanu chija ndachiona m'nyumba ina."

Anandiyang'ana m'maso. Sindinadziwe ngati akufunsa kapena akundiuza kuti adziwa zonse. Mayi ameneyu si wopusa. Mbali ina ya mutu wake inali itawerenga kale bwinobwino, ndipo inkangofuna kuti ndiphethire.

"Zimayenda," ndinatero. "Chikakuzolowerani fungo chimakutsatirani. Kwanu simunachionebe?"

Anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda tebulo la nsomba. Anachoka osagula kanthu.

Foni ya ku ofesi sinabwere. Shamiso anamva kuti Amayi Maureen anapempha kuti nyumba ya ku Southgate aziyendera wina, ati ndi kutali. Ntchito ikadalipo, viza ikadalipo, ndipo Alinane anachira, tsopano akuthamanga m'kholido nkumandigwetsera ndodo. Ku Tottenham amati anachira chifukwa nyansi inatuluka m'nyumba. Akandiona pabasi amasamukira kumpando wina. Mwanayo ndimamunyamula makatani atatsekedwa, ndipo chitseko chikagogodedwa Shamiso amandilanda msanga asanatsegule.