Onga wa Ba Ng'andu

Chiwachotsereni ntchito kampani itagulitsidwa, Ba Ng'andu a ku Kabwata, odzitama kuti ndi osaka nyama, ankangokhalira kupukuta mfuti ya gogodela ya malemu bambo awo. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde, kuthira onga, kutsendera ndi chitsulo, kuti akawalala aziona n'kuopa kudzaba.

Tsiku lina khwangwala anatola kamwanapiye pabwalo. Ba Ng'andu analozetsa mfuti ija, koma inangoti khe!

"Ba Elina!" anakalipira akazi awo. "Mwailumpha mfuti iyi! Mkazi akailumpha siilila!"

"Sininalumphe ine," anatero Ba Elina akukupiza mbaula. "Onga wanu ninataya mu chimbuzi chaka chatha. Muthilamo makala osinja amene ninakuikilani."

"Nanga akawalala akabwela?"

"Osawauza chabe. Ngati imwe osaka nyama simunaziwe, beve azaziwa bwanji?"