Makina Osokera a Kampani

Ukwati wa mayi telala utatha, amuna ake anakalumbira kukhoti kuti iwo alibe kanthu. Nyumba ndi ya kampani, mipando ya kampani, firiji, bedi, ngakhale makina osokera amene mayiyu anabwera nawo pabanjapo, zonse za kampani. Kakampani kake kogulitsa matayala, ka munthu mmodzi, komwe kanawapatsa dzina loti a Dayirekita. Mchemwali wawo, amene anabwera kudzacheza kalekale n'kuiwala njira yobwerera, anaima ngati mboni, kugwedeza mutu mpaka duku kupendekeka. Telala anatuluka m'nyumbamo ndi sizasi basi, n'kumasokera pa makina a mnzake, mwiniwake akapita kokadya.

Koma choipa chitsata mwini. Kampani ija inagwa chagada, khoti n'kutumiza munthu wodzamata timapepala tofiira pa katundu wake yense kuti akagulitsidwe. Telala atamva anamanga nsalu m'chiuno, uyo ulendo.

Anapeza a Dayirekita ali tambalale pa mpando wandalema, kapepala kofiira kali pafupi ndi khutu. Mlamu wake, mchemwali wa a Dayirekita uja, anali pakhomo, manja m'chiuno.

"Miimba yayamba kutera," anatero mlamuyo.

"Zikomo alamu. Ndimati ndidzapepese maliro a kampani. Inadwala nthawi yaitali?"

"Pakamwa ngati chitseko chopanda loko. Tulukani muno!"

"Nyumba ya kampani iyi, alamu. Inu ndinu ndani wake, mlonda?"

Makina anali pakona, atawasenzetsa beseni la nsapato zakutha. Telala mtima unamuwawa ngati wapeza mwana wake akugona pakhonde. Wa kukhoti, bambo woonda wachimfine, anali atatambasula kale dzanja kuti amate.

"Amenewo ayi, bambo. Ndi anga. Ndimadyera pomwepo."

Bamboyo anamina kaye. "Mayi, malamulo anasintha. Masiku ano wapabanja akhoza kutenga chake, bola mmodzi mwa amene analumbira kuti n'cha kampani abweze mawu pamaso panga. Koma akabweza, nkhani yonse yogawana katundu ibwerera kwa woweruza, ndipo wonamayo akadzifotokozere yekha."

Telala anatembenuka. "Bambo a ana, mwamva. Nenani."

A Dayirekita anayang'ana kudenga, lomwenso linali la kampani.

"Ndi a kampani."

"Inu mumadziwa ndi pomwe ulusi umalowera?"

"Ndati ndi a kampani. Bola akagulitsidwe kwa ophwanya zitsulo kusiyana n'kuti uwatenge iwe."

Kapepala kaja, pha! pa makina. Mlamu anaseka mpaka kuonetsa pomwe panachoka dzino. Telala anangoima, dzanja lili pa gudumu la makina ake, misozi akuibweza kuti anthu awa asaidyerere.

Wa kukhoti anapitirira kuzipinda. Posakhalitsa mlamu anasuzumira kumeneko, n'kukuwa ngati waponda moto.

"Iii! Wadiropu imeneyo ndi yanga! Matiresiwo ndi anga! Chotsani zimenezo!"

"Mayi, si inu munalumbira kuti zonse za m'nyumba muno n'za kampani?"

"Achimwene, auzeni!"

"Khala chete iwe," anatero a Dayirekita chapansipansi. "Ndidzakugulira ina."

"Mudzagula ndi chiyani? Mpando mwakhalirawo si wanu! Mwatsala ndi lamba yekha!"

Telala misozi inauma yokha. Anayandikira chitseko cha chipindacho, n'kupukusa mutu mwachifundo chabodza.

"Musalire alamu. Wadiropu sikufa ayi. Muzikaiona kumsika, muzikaipatsa moni. Matiresinso akagonapo anthu abwino, opanda nsikidzi."

"Iwe mfiti iwe!"

"Ine ndinazolowera mphasa, alamu. Inu ndi msana wanu uja, kaya."

Mlamu anayang'ana mchimwene wake, anayang'ana matiresi. Magazi ndi magazi, koma msana ndi msana.

"Lembani, bambo! Tinanama! Zonena anandiuza ndi awa, mpaka tinkayeserera pagalasi. Wadiropu ndi yanga, matiresi ndi anga." Anameza malovu ngati akumwa mankhwala a malungo. "Chimakinacho n'cha mfitiyi."

A Dayirekita anadzambatuka. "Njoka! Ndakudyetsa zaka zonsezi!"

"Inandidyetsa ndi kampani!"

Wa kukhoti anaminanso, n'kumatula kapepala pa makina ndi chikhadabo. "Nonse awiri woweruza adzakuitanani. Mayi, nyamulani."

Telala anakankhira beseni la nsapato pansi, khu! Anamasula nsalu yake, anapinda nkhata, bambo wachimfine n'kumusenzetsa makinawo. Makina ankalemera ngati kale, tebulo lake ndi miyendo yomwe, koma khosi silinadandaule. M'mbuyo mwake munthu ndi mlongo wake anali atayamba kukumbana mpaka za malemu amayi awo.

Pakhomo anatembenuka thupi lonse, poti ndi katundu pamutu sucheuka.

"Alamu, mukafuna diresi yokavala kwa woweruza mundipeze, ndidzakuikirani thumba la mpango wopukutira misozi. Koma a Dayirekita ayi. Sindisokera makampani."