Wapakati Sadumpha

Chizungulire chinamuyamba Towela sabata yomwe ankasankha atsikana okaimirira Lusaka pa mpikisano wodumphira m'madzi. Anangotembenuka pa bedi m'mawa, denga la nyumba yawo ku Kabwata n'kuyamba kuyenda. Anathamangira kubafa akugwira zipupa, n'kukasanza.

Towela anali katswiri, ngakhale kuti ku Kabwata palibe ankasamala zimenezo. Ankaphunzira pa dziwe la sukulu ina ku Kabulonga, komwe a Ng'andu, mphunzitsi wake, anamuzoloweretsa kunjanja pa thabwa lalitali, kutembenuka m'malere, n'kulowa m'madzi mwakachetechete ngati singano. Ankamuuza kuti wodumpha amadalira maso: ukaona madzi kachiwiri, tambasula thupi. Tsopano maso omwewo ndi amene ankamunamiza.

Anawauza mayi ake, a Imelda, akupinda nsalu zokagulitsa ku Kamwala. Iye ankayembekezera mankhwala kapena ka pepani. Mayiwo sanamuyang'ane kumaso, anamuyang'ana pamimba.

"Ni ndani mwamuna?"

"Ba mami, nilibe mimba. Ni mutu chabe."

"Iwe, ninakubala ine. Chizungulile na kusanza kuseni, niziziba."

Mlandu unagwera Sean, mnyamata wa ku Woodlands amene nthawi zina ankamubweretsa pa galimoto ya bambo ake. Towela anapempha kuti apite onse ku kiliniki akamuyeze, nkhani ithe. A Imelda anakana kwamtuwagalu. Namwino wa kumeneko anali mnzawo wa ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Nkhaniyo ikanafika kutchalitchi iwo asanafike n'kunyumba komwe.

M'malo mwake anapeza muyeso wawowawo. Anati mkazi wapakati sangadziponye kuchokera pamwamba potero. Ngati Loweruka, tsiku la mpikisanowo, Towela apeze chifukwa chosadumphira, ndiye kuti yankho lapezeka, alongedze katundu wake azipita kwa a Seanwo. Mayi amene sanapondepo pa dziwe chiyambire mwana wawo masewerawa ananena kuti ulendo uno adzabwera kudzadzionera okha.

Masiku otsalawo Towela anaphunzira kuyenda ngati wasenza ndowa yodzaza, osagwedeza mutu. Ankagona chokhala. A Ng'andu anaona kuti akulowa m'madzi chopendekeka, ndipo anamufunsa ngati akudwala. Iye anati ndi tulo chabe. Ankadziwa kuti akangotchula chizungulire amuletsa kukwera makwerero, chifukwa bambo amenewa pa nkhani ya moyo wa mwana sankanyengerera.

Loweruka kunacha ndi mphepo ya fumbi. A Imelda anakhala pa benchi yakutsogolo, chikwama pamiyendo, milomo ataifinya. Kudumpha koyamba kunayenda bwino, anthu n'kuwomba m'manja. Kwachiwiri Towela atalowa m'madzi sanadziwe kuti kumwamba ndi kuti, anasambira chopita pansi mpaka dzanja linagunda matailosi. Anatuluka akutsokomola. A Ng'andu anamuyandikira n'kumuuza kuti akhoza kulekera pomwepo, mipikisano siitha. Towela anayang'ana kubenchi kuja. Anali ndi mantha, koma anakwera.

Kwachitatuko kunali kodumphira kutsogolo koma thupi n'kuzungulira chammbuyo, mutu ukudutsa pafupi ndi thabwa. Ananjanja bwino. Atangogwetsera mutu kumbuyo, dziwe, mitengo ndi anthu zonse zinasakanikirana. Madzi aja sanawaone, kaya koyamba kaya kachiwiri. Anatambasula thupi nthawi isanakwane, khosi n'kumenya nsonga ya thabwa. A Ng'andu analumphira m'madzi ndi nsapato zomwe.

Kuchipatala, dokotala wachitsikana anawafotokozera a Imelda kuti chizungulirecho chinkachokera m'khutu. Timiyala ting'onoting'ono tam'kati tinali titasuntha pamalo pake. Anati akanabwera msanga, akanangomugoneka pa bedi n'kumutembenuza mutu mwaluso, mwina n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Za khosi anati tidikire, ndipo ponena zimenezo anayang'ana pansi.

"Nanga mimba, ba dokota?"

Dokotala anawayang'ana kanthawi. "Kulibe mimba, amai."

A Imelda anapuma mpweya wautali, mpweya wa munthu amene wapepukidwa, ndipo Towela anaumva. Anali chigonere chagada, khosi lomangidwa, akungoona denga. Kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo dengalo linali litaima.

"Mwakhulupilila manje?" anafunsa Towela.

Misozi ya mayi ake inayamba kutsika, koma Towela sakanatha kutembenuka kuti aione.

"Ba mami, muli kuti? Nigwileniko."

A Imelda anayang'ana manja awo. Chilowere m'chipindamo anali atagwira phazi la mwana wawo ndi manja onse awiri, akulisisita.