Dothi la Mlendo

Esnat anakwatiwa ndi munthu wosakhazikika. Mwamuna wake, Winston, anali mekaniki wa makina opangira tiyi, ndipo fakitale ikangoyamba kutsokomola kulikonse, woitanidwa ankakhala iyeyo. Anayamba ndi Gurue ku Mozambique, kenako Mufindi ku Tanzania, kenako Kericho ku Kenya. Amuna ena akapeza mwayi wotere amasiya mkazi kumudzi n'kumangotumiza moni pafoni. Winston ayi. Iye ankanyamula banja lonse, mapoto, matiresi ndi ana omwe.

Mwana wawo woyamba, Tamanda, anachoka ku Thyolo ali kumsana. Mano anamerera ku Gurue n'kukagulukira ku Kericho. Mlongo wake Mwai anabadwira konko, ndipo anali akuyamwabe pamene banjali linabwerera ku Khonjeni kudzapuma lisanapite ku kontirakiti ina ku Rwanda.

Kumudziko anawalandira ndi amalume a Esnat, a Fackson, eni mbumba. Iwowa anakalambira paesiteti ali kapitawo wa othyola tiyi, ndipo ukapitawowo sunawachoke m'mawu. Ngakhale popempha madzi akumwa ankamveka ngati akugawa ntchito. Koma mtima anali nawo wabwino, zimenezo tisawanamizire. Anangoti kumuona Tamanda, basi, mwanayo analowa m'mtima mwawo osagogoda.

Chinawapweteka n'chakuti mwanayo anawapatsa moni m'Chiswahili. Atamulankhula Chilomwe, anangowayang'ana n'kumwetulira mwaulemu ngati mlendo wa kutchalitchi. Manda a agogo ake sankawadziwa. Mango a pabwalo ankachita kupempha chilolezo asanatole.

Masana ena a Fackson anaitana Esnat pakhonde.

"Esnat, mwana wa mlongo wanga, ndinene mosapsatira. Wamng'onoyu mutenge, akuyamwa. Koma Tamanda atsale."

"Amalume, mwanayu sanagonepo kutali ndi ine."

"Ndiye vutolo. Masukulu wasintha angati? Lero Chipwitikizi, mawa Chiswahili, mkuja kaya chiyani. Adzakula wodziwa maboda onse koma osadziwa njira ya kuchitsime kwawo. Ife tikadzafa, adzaloza kuti? Mbumbayi ndi yake, Esnat. Malowa ndi ake."

Winston anali pomwepo akupukuta sipanala yoyera kale. Kuno mkamwini amabereka, koma za ana amagamula ndi akuchikazi, ndipo iye ankadziwa malire ake.

Chomvetsa ululu n'chakuti amalumewo ankanena zoona. Esnat anaganiza za mwana wake akutsanzika anzake chaka ndi chaka, mpaka analeka kulira potsanzikana. Kodi mwana wosalira potsanzikana ndi wolimba mtima, kapena watopa? Anavomera, koma mtima wake unalira ngati wamasiye.

Atamuuza Tamanda, mwanayo anangoti, "Chabwino, amayi." Osafunsa, osakwiya. Esnat akanakonda mwanayo akanadzigwetsa pansi n'kukuwa.

Tsiku la ulendo linacha ndi chiperoni. Nkhungu inakuta minda ya tiyi, ndipo amayi opita kothyola ankadutsa pamsewu madengu ali kumsana, atadzikulunga mapulasitiki. Akabaza awiri anafika ndi njinga zamoto n'kuyamba kumangirira zikwama. Esnat anayang'ana uku ndi uku kuti atsanzike mwana wake, koma sanamuone.

Anakamupeza kuseri kwa nyumba atanjuta, kapu ya madzi ili m'manja. Ndi zala ziwiri, mwanayo ankatapa dothi lofiira n'kuthira m'kapumo. Esnat anadziwa chimene chinkachitika, poti anamuphunzitsa ndi iye yemwe. Akuluakulu amati ukafika ndi mwana kudziko lachilendo, um'mwetse kadothi ka kumeneko m'madzi kuti dzikolo limulandire, lisamudwalitse. Esnat sanaphonyepo mwambowu paliponse pomwe anatsitsa katundu. Ku Khonjeni kokha ndi komwe sanachite. Nanga munthu n'kumwera dothi kwawo?

A Fackson anatulukira kumbuyo kwake, ndodo ili m'manja.

"Iwe Tamanda, ukuchita chiyani pamenepo?"

Mwanayo anaimirira, n'kupereka kapuyo ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono monga anamuphunzitsira masabata omwewo.

"Agogo, mundimwetse ndinu. Amayi aiwala."

"Sanaiwale ayi. Dothi amamwa ndi alendo. Iwe pano ndi pakwanu. Mchombo wako tinakwirira pansi pa mpeyala uwo."

Tamanda anayang'ana mtengowo, kenako amayi ake.

"Masiku onsewa sindimadwala chifukwa amayi analipo. Akachoka lero, ndiye kuti ndafika kuchilendo. Ndimwetseni, agogo, kuti ndisakuvutitseni ndi matenda."

Ananena mofatsa, ngati munthu wokumbutsa anzake kuti mvula ikubwera, zovala zili panja. Esnat anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Anafuna kulankhula, koma anali atavomera kale pamaso pa eni mbumba, ndipo mawu operekedwa salandidwa ndi misozi.

A Fackson analandira kapu ija. Anayang'anitsitsa dothi likukhazikika pansi pa kapu. Kumsewu wakabaza analiza hutala, Winston n'kumuletsa ndi dzanja.

"Ndiye iwe ukuti kwanu ndi kuti?" anafunsa a Fackson, mawu aukapitawo aja atathawa.

"Komwe amayi ayala mphasa."

Mkuluyo anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anathira madziwo pansi, dothi n'kubwerera kwa eni ake. Kenako analowa m'nyumba. Esnat ankaganiza kuti akwiya. Koma anatuluka atanyamula kachikwama ka Tamanda, komwe mwanayo sanakamasule chifikireni, n'kuyenda nako motsimphina mpaka kumsewu. Wakabaza atafuna kuwalandira, anamukankha dzanja. Anamanga okha, mfundo ziwiri zolimba.

"Amalume..." anayamba Esnat.

"Usandiyankhulitse, ndingasinthe maganizo." Anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kunamizira chiperoni. "Ine ndimafuna mwini malo, osati mlendo woti ndizimumwetsa dothi pakhomo pa amayi ake. Mutengeni. Koma akamwini, mwamva? Kontirakiti ikatha, osadumphira ina musanapondeko kuno."

"Tamva, amalume," anatero Winston.

A Fackson anamunyamula Tamanda n'kumukhazika panjinga pakati pa wakabaza ndi amayi ake. Anamukonza juzi pakhosi, dzanja lawo n'kuchedwa pamenepo.

"Uzibwera, wamva? Uzibwera mpaka tsiku lomwe udzathyole mango anga osapempha."