Fungo la Usipa pa Ovololo

Ku Mbayani kunalibe munthu wosadziwa kuti a Maurice anali ndi chibwenzi chogulitsa usipa mumsika wa Limbe. Amayi a pampopi ankachita kulumbira. Umboni wake? Ovololo! Tsiku lililonse bambowo akaweruka kufakitale ya zakumwa, ovololo yawo inkanunkha nsomba, chikhalirecho m'manja mulibe ndi kamutu ka usipa komwe.

Akazi awo, a Hannah, ankangochapa, koma mtima ukuwawa.

A Maurice anafotokoza mpaka kutopa. Akuti utsi wa boyila, ng'anjo yowiritsira madzi, unkakwera m'chithanki chachitali, mankhwala amadzi akutsika ngati mvula n'kumagwira mpweya uja umachititsa thovu m'botolo. Kenako ankawatenthetsa mankhwalawo kuti aulavule, n'kuutsuka, n'kuuthira m'zakumwa. Ndiye mankhwalawo akakalamba, eee, usipa weniweni! Koma pageti sankalola akazi a antchito, ndiye a Hannah akanaona bwanji?

Zaka makumi atatu zinapita. A Maurice anapuma ntchito, fakitale inayamba kugula mpweya wa m'masilinda, chithanki n'kuchita dzimbiri. Iwo ankachisowabe. Ankakumbukira momwe ankakhudzira paipi ndi kuseri kwa dzanja n'kudziwiratu kuti lero zikuyenda.

Lolemba lina anamva kuti ogula zitsulo zakutha akuchidula. Chikapita chimenecho, mboni yawo yapita.

"Amake Winnie, valani nsalu yabwino."

"Tikukaona chibwenzi chanu cha ku Limbe chija?" anatero a Hannah, osaseka n'komwe.

Tsikulo geti inali yotsegulira odula zitsulo, ndiye panalibe wowaletsa. Anafika chithanki chitagona kale pansi, zidutswa zitatu. A Maurice anathamangira pazidutswazo. Ananunkhiza apa, ananunkhiza apo: dzimbiri lokhalokha.

"Madala, mwataya chani?" anafunsa a Kingstone, mkulu wa odulawo.

"Ukwati, achimwene. Tamasulani kapaipi kapansiko, ndi komwe kunkatsalira zinyalala."

A Kingstone anaseka, koma anatenga sipanala. Kanakana, kanakana, kenako phwa! Timadzi takuda tinadontha pansi.

A Hannah anabwerera m'mbuyo atatseka mphuno ndi nsalu. Kenako anaichotsa pang'onopang'ono. Linali fungo lomwe lija. La Loweruka lililonse pabeseni, Winnie ali kumsana, sopo atatha, wailesi ya oyandikana nawo ikuimba.

"Ndiye mkazi mnzanga ndi ameneyu?" anafunsa.

"Ndi yemweyu. Wakalamba ngati ife."

"Inunso abambo a Winnie, osatenga timadziti m'kabotolo bwanji kalekale?"

A Maurice anangokanda mutu. Zaka zonsezo sanaganizeko!

A Hannah anamasula mpango wawo, n'kuunyika m'timadzi tija, n'kuukulunga m'jumbo. Mu minibasi anthu anatsegula mawindo onse, kondakitala akudandaula kuti wina wakwera ndi nsomba zowola. A Hannah osasamala n'komwe, jumbo pamiyendo. Atatsika sanalowere kunyumba. Analunjika kumpopi, a Maurice akutsatira pambuyo.