Yunifomu Yomwe Inadikira Mwini Wake

Sukulu zinatsegulidwa, koma yunifomu ya Kanyerere inali ikadali pamsomali m'shopu ya amayi ake. Amayiwo ndi telala, ndipo anaisoka okha. Bambo a mwanayo, omwe banja linatha nawo kale, anamutenga patchuthi kupita naye kudziko lina kumene amagwira ntchito. Poyamba ankati, "Abwera sabata yamawa." Kenako anangomasuka pafoni: "Mwanayu ndamulembetsa sukulu kuno. Iwalani."

Mayiyo mtima unasweka. Makina osokera anangoti zii.

Tsiku lina mchimwene wawo anatulukira ali wefuwefu. Iyeyu ndi dalaivala wa thiraki, ndipo anzake amamutcha Mabuleki chifukwa akaganiza chinthu saima.

"Achemwali, pukutani misozi! Ndili ndi katundu wopita komweko. Ndikamudikirira pageti pasukulu, ndikamugoneka pakabedi kanga kuseri kwa mpando, bulangete pamwamba. Pachipata cha malire onse amandidziwa!"

"Mungathedi, achimwene?" Telala anadzuka, maso akuwala.

Onse anali ataiwala kuti kuseri kwa katani kunali kasitomala akuyesa diresi. Anali mayi wogwira ntchito ku ofesi yoona za ana. Anasuzumira, mapini ali mbwee m'chiuno.

"Pepani, katani satseka makutu," anatero. "Achimwene, mukakagwidwa ndi mwana m'bulangete, wakuba mwana mukhala inuyo. Mukalowa m'ndende, ndipo khoti lidzayamba kuwakayikira achemwali anuwa."

"Aaa! Mwana wathuwathu, ndikhale wakuba?"

"Bambo akenso akunena zomwezo, kuti mwana wangawanga. Koma kholo likasunga mwana kunja kwa dziko kholo linzake lisanavomere, likhoza kukhala likuphwanya lamulo. Apa lamulo lingathe kukuthandizani. Musaliponde ndi matayala."

Telala anakhala pansi. "Nanga nditani, amayi?"

"Kanenani kupolisi, kenako mubwere ku ofesi kwathu tikuperekezeni kukhoti. Mayiko ambiri ali ndi njira zothandizirana pankhani ngati iyi, ndipo khoti la kumeneko lingathe kulamula kuti mwana abwerere kumene amakhala. Koma musachedwe. Akazolowera kwambiri kumeneko, mlandu umalimba."

Telala sanamalize n'komwe kupinda diresi lija. Anatseka shopu, ulendo!

Panafunika chiphaso cha kubadwa kwa mwana, umboni wa aphunzitsi ake, ndi mauthenga a bambo aja omwe anali mufoni. Zinatenga miyezi. Masiku ena telala ankalira, akuti bwenzi atangolola za bulangete zija. Mabuleki naye ankang'ung'udza panjira ponse, koma sanajombe kuwaperekeza. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," mayi wa ku ofesi uja ankamuseka.

Ndiye foni inalira masana ena, telala ali pakati posoka kolala.

"Khoti la kumeneko lalamula! Mwana wanga akubwera!" anakuwa telala atamva uthengawo.

Nthungululu yawo inatulutsa ometa, owotcherera ndi ogulitsa nsapato m'mashopu mwawo. Pambuyo pake khoti la kuno linagamula kuti Kanyerere azikhala ndi amayi ake, bambo ake azimuona ndi kumuimbira foni, ndipo asatulukenso m'dziko popanda chilolezo cha makolo onse awiri.

Tsiku lofika mwanayo, Mabuleki analiza hutala mpaka agalu anathawa mumsewu. Kanyerere anathamangira m'shopu, nadziponya pachifuwa cha amayi ake. Kenako anaona pamsomali.

"Amayi, yunifomu yanga ija!"

Anaivala pomwepo. Inalekeza pamwamba pa mawondo, mabatani osakumana. Amayi ake anaseka misozi ikutsika.

"Wandikulira kutali, mwanawe," anatero, akufunafuna tepi yoyezera. Makina aja anayambanso kulira.

Kumbukirani: kholo linzanu likapita ndi mwana kunja n'kukana kumubweza, musadikire malonjezo ndipo musakamulande nokha. Fulumirani kupolisi, ku ofesi yoona za ana ndi kukhoti. Mwana wobwera mobisa amakhala mwamantha, koma wobwera mwalamulo amalowera pakhomo lakutsogolo.